Kodi Mvula ya pa Denga Lako Ipita kwa Yani?

Mwezi uno ndifuna kuti tisinkhesinkhe pamodzi za funso looneka ngati laling'ono, koma mizu yace ndi yaitali. Funso lace ndi ili: munthu akamanga nyumba pa malo ace, ndi ndalama zace, kodi ali nao mangawa kwa anansi ace cifukwa ca denga la nyumbayo? Ndipo ngati ali nao, kodi nkoyenera kuti akuru a mudzi amkakamize kuwabweza, kapena amleke acite monga umuuza mtima wace?

Cimene cinandiyambitsa maganizo awa ndi mlandu umene ndinaumvera m'mudzi wina kumene ndinali kuphunzitsa. Munthu wina anabwera kucokera ku nchito ali ndi ndalama, namanga nyumba yaikuru ya njerwa, naifolera malata, nathira simenti pabwalo pace ponse. Nyumbayo inali kumtunda, ndipo kunsi kwace kunali kamunda ka mai wina wamasiye. Pofika dzinja madzi onse a pa malata anasonkhana pamodzi, natsetsereka pa simentiyo, nakumba cigwembe pakati pa kamundako, nakokolola nthaka ndi maungu omwe. Pa bwalo la nyakwawa mwini nyumba anati, "Denga ndi langa, malo ndi anga, koma mvula si yanga, sindinaiitane ine." Maiyo anayankha nati, "Mvula inali kugwa pamenepo inu musanamange, bambo, koma sinali kufika kwanga ndi ukali wotere, pakuti nthaka inali kuimwa." Akuru anaweruza kuti mwini nyumbayo akumbe dzenje pogwera madzi, nabzalepo nthoci.

Mlandu womwewu ulipo m'mizinda yaikuru ya ku Ulaya ndi ku Amereka, koma kumeneko wakula koposa, pakuti nyumba ziri zikwi zambiri, zothithikana ndi zosanjikana, ndipo pakati pace pali miseu ya phula ndi mabwalo a konkire. Munthu akhoza kuyenda theka la tsiku osaponda dothi. Tsono mvula ikagwa isowa polowa, nithamangira yonse pamodzi m'mipope ya pansi pa miseu. M'mizinda yambiri yakale mipope yomweyo itenganso zonyansa za m'zimbudzi, kotero kuti ikadzala, madzi ndi zonyansazo zisefukira m'mitsinje ndi m'zipinda za pansi za nyumba za anthu. Akale anati madzi saiwala khwawa. Ndipo m'mzinda amene akhala m'khwawamo kawiri-kawiri ndiwo osauka.

Bvuto laciwiri ndilo kutentha. Madenga ambiri a m'mizindayo ndi athyathyathya ngati bwalo, opakidwa phula lakuda kuti asadonthe. Inu nonse mudziwa kusiyana kwa nyumba ya udzu ndi nyumba ya malata m'mwezi wa Okutobala. Koma phula lakuda limwa dzuwa koposa malata, ndipo usiku litulutsa kutenthako pang'ono-pang'ono, kotero kuti mzinda wonse sukhala nayo nthawi yakuzizira. M'mwezi wa Julayi 1995 mzinda wa Chicago ku Amereka unaona masiku otentha koopsa, kutentha kunafika madigiri 41, ndipo anthu oposa 700 anafa m'sabata limodzi. Ambiri a iwo anali okalamba ndi osauka okhala okha, ena m'zipinda za pamwamba pafupi ndi denga, oopa kutsegula mazenera cifukwa ca akuba. Palibe mwini nyumba anafuna imfa yao. Koma denga liri lonse lakuda linaonjezako kamoto kace pa moto wa mzinda wonse.

Cifukwa ca mabvuto awa anthu a m'mizinda ina abwerera ku nzeru yakubzala udzu ndi maluwa pamwamba pa nyumba. Musaganize za udzu wouma wofolera, monga ticita ife. Uwu ndi udzu wamoyo, wophuka m'dothi loikidwa pa denga. Mamangidwe ace ndi otere. Poyamba ayala cinsaru colimba cosalola madzi kapena mizu kupyola. Pamwamba pace aika timiyala kapena zipangizo za mabowo, kuti madzi otsala apeze njira yakutsikira. Pamenepo ayala nsaru yina yosefa, kuti dothi lisatseke njirazo. Ndipo potsiriza athira dothi lopepuka losanganiza ndi mcenga, timiyala kapena zidutswa za njerwa, kuya kwace ngati masentimita 10, ndiko kuti ngati m'lifupi mwa cikhato ca munthu. M'dothimo abzala zomera zopirira cirala, makamaka za mtundu wochedwa Sedum, za masamba onenepa osunga madzi. Pa nyumba zolimba koposa athira dothi lakuya, nabzala zitsamba, ndiwo zamasamba ndi timitengo, naikapo mipando yakupumulirapo anthu.

Nzeru iyi si ya dzulo. Alimi a ku Norway, dziko la cisanu coopsa, anali kufolera nyumba zao kwa zaka mazana ambiri ndi makungwa a mtengo wa birch, naika pamwamba pace zigulumwa za dothi ziri ndi udzu wace, kuti m'nyumba mukhale mofunda. Ndipo ku Zürich, m'dziko la Switzerland, anamanga m'caka ca 1914 nyumba zazikuru zosefera madzi a m'nyanja, pa malo ochedwa Moos, nathira pa madenga ace dothi la m'madambo a pafupi kuti madzi a m'katimo akhale ozizira. Omangawo sanaganize za maluwa konse. Koma m'dothimo munali mbeu, ndipo zitapita zaka zambiri, madambo a pansi atasanduka nyumba ndi miseu, odziwa za zomera anawerenga pa madengawo mitundu 175, ndipo mwa iyo mitundu 9 inali ya banja la cikande, yosowa ndithu m'dera limenelo. Dambo limene linatha pansi linapulumuka pamwamba.

Tsono phindu la denga lotere nciani? Loyamba ndi la madzi. Dothi limwa mvula monga icita nthaka ya m'munda. Madzi ena atsala momwemo kufikira zomera ndi dzuwa ziwabwezera kumwamba, ndipo ena atsika mocedwa ndi mofatsa. Pa caka cathunthu, m'maiko a ku Ulaya, denga la dothi locepa lisunga ngati theka la mvula yogwapo. Laciwiri ndi la kutentha. Mudziwa kuti madzi a mu mtsuko azizira koposa a m'ndowa ya citsulo, cifukwa mtsuko utuluka thukuta, ndipo thukutalo pouma litenga kutentha. Masamba acita comweco. Imfa zija zitacitika, akuru a Chicago, motsogozedwa ndi Richard M. Daley, anabzala munda pa denga la nyumba ya boma la mzinda, nautsiriza m'caka ca 2001. Theka lina la cinyumba comweco linali la boma lina, ndipo linatsala ndi phula lace lakuda. Poyesa tsiku lina la Ogasiti caka comweco, anapeza kuti pa mundawo kutentha kunali pakati pa madigiri 33 ndi 48, koma pa phula lija kunafika 76. Lacitatu ndi lakuti cinsaru coletsa kudontha cikhalitsa, pakuti dothi licichinjiriza ku dzuwa ndi cisanu zimene zicing'amba. Lacinai ndi lakuti njuci, agulugufe, akangaude ndi mbalame zipeza pokhala pakati pa mzinda.

Wina adzafunsa kuti, ngati zabwino zace ziri zoculuka cotere, nanga alekeranji anthu onse kucita okha popanda lamulo? Apa ndipo pali mfundo ya nkhani yathu. Wolipira ndi mmodzi, koma olandira phindu ndi ambiri. Mwini nyumba agula dothi, nalimbitsa mitanda, nalipira wozula zitsamba zosafunika caka ndi caka. Iye alandirako pang'ono, pakuti cipinda ca pamwamba cizizira ndipo denga lace likhalitsa. Koma madzi amene denga lace lawasunga akadasefukira kwa munthu wina wa kunsi kwa mzinda, amene iye samdziwa dzina, ndipo sadzabwera kudzamthokoza. Kuonjezera apo, denga limodzi pakati pa zikwi silisintha kanthu kooneka. Potero yense anena mumtima mwace, "Nditayirenji ndalama ine ndekha, anzanga osacita?" Ndipo onse akanena comweco, onse apsa pamodzi, ngakhale palibe mmodzi wa iwo amene tingamuche woipa mtima.

Tiyeni tione tsono macitidwe a mzinda umodzi umene unamasula mfundo iyi. Basel ndi mzinda wa m'dziko la Switzerland, pa mtsinje wa Rhine, pamene pakomana malire a Switzerland, Germany ndi France. Anthu ace sakwana 200,000. Akuru a kumeneko sanayambe ndi lamulo. Iwo anali nalo thumba la ndalama zothandiza kusunga mphamvu ya magetsi, lodzazidwa ndi kamsonkho ka magawo asanu mwa zana koonjezedwa pa malipiro a magetsi a anthu onse. M'zaka za 1996 ndi 1997 analengeza kuti yense wofuna kubzala pa denga lace adzalandira m'thumbamo mafranki 20, ndizo ndalama za kwao, pa kadera kali konse ka mita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Anthu oposa zana anabvomera, ndipo madenga okwana mahekitala 8 ndi theka anabiriwira. Mwa njira iyi amisiri anaphunzira nchitoyo, ogulitsa dothi ndi mbeu anapezeka, ndipo oopa kudontha anakwera naona ndi maso ao.

Nthawi yomweyo munthu wophunzira, dzina lace Stephan Brenneisen, anali kukwera pa madenga a mzindawo kuwerenga tizirombo. Iye anapeza mitundu yambiri ya akangaude ndi tizirombo touluka ta mapiko olimba, tina tosowa ndithu. Naonanso kuti tinaculuka pamene dothi linali la m'dziko lomwelo, ndiponso losiyana kuya kwace, pena locepa pena lounjikana. Ndipo m'caka ca 2002, anthu ataona ndi kuzolowera, mzinda unalemba m'malamulo a kamangidwe kuti nyumba iri yonse yatsopano ya denga lathyathyathya iyenera kubzalidwa pamwamba. Analangizanso kuti dothi likhale la m'dera lao, mbeu zikhale za zomera za kwao, ndi kuti pakhale timitumbira tobisalamo tizirombo nyengo ya cirala. M'caka ca 2005 anatsegulanso thumba lija kuti athandize ena, ndipo m'caka ca 2010 lamulo linafikira ndi nyumba zakale pamene zikonzedwa madenga. Powerenga m'caka ca 2019, munthu ali yense wa mu Basel anali ndi gawo loposa mamita 5 a denga lobiriwira, ndipo mzindawo unachuka nazo pa dziko lonse.

Kodi akuru a Basel anacita cilungamo pakukakamiza anthu? Otsutsa ali ndi mau ao, ndipo tiyenera kuwamva bwino. Iwo anena kuti nyumba ya munthu ndi yace, ndipo boma likayamba kulamulira za pa denga, mawa lidzalowa m'cipinda. Anenanso kuti cinthu ciri conse coonjezedwa pa mamangidwe cikweza mtengo wa nyumba, ndipo amene adzasenza mtengowo pomariza ndiye wolipira lendi, amene alibe nyumba yace. Ena anena kuti cabwino cocitidwa mokakamizidwa cataya ubwino wace.

Ine ndiyesa kuti mau oyambawo agwa pa mwala umene anagwapo munthu wa malata uja. Ufulu wa munthu pa cace ufika pamene zocita zace zilekeza. Koma madzi ndi kutentha kwa denga sizilekeza pa mpanda wace. Za m'cipinda zikhudza iye yekha, ndipo boma liribe nazo kanthu. Za pa denga zitsikira kwa anansi. Womanga nyumba wacotsa kadera ka nthaka kamene kanali kumwa mvula ya onse ndi kuziziritsa mphepo ya onse. Pobzala pa denga iye sapatsa mzinda mphatso ai, angobwezako gawo la cimene anatenga. Ndipo ganizo lakuti denga liri ndi mlandu kwa ena ndi lakale ndithu. Aisrayeli anali nao madenga athyathyathya okhalapo anthu, ndipo m'buku la Deuteronomo womanga nyumba yatsopano analamulidwa kumanga kampanda m'mphepete mwa denga, kuti munthu angagwe, mwazi wace ndi kukhala pa nyumbayo. Taonani kuti lamulolo linagwira munthu pa nthawi yakumanga, pamene kuonjeza kampanda sikubvuta. A Basel anayambanso ndi nyumba zatsopano, pamene mmisiri akhoza kulinganiza mitanda yolimba asanaike njerwa yoyamba.

Za mau akuti cokakamiza cataya ubwino, nditi ndi zoona kuti lamulo silikonza mtima wa munthu. Koma wokhala kunsi kwa mzinda safunsa za mtima wa mwini denga. Iye afuna kuti madzi asalowe m'nyumba mwace. Ndiponso lamulo lotere limasula munthu wa mtima wabwino, amene anali kufuna kucita, koma anaopa kukhala wopusa yekha pakati pa ocenjera. Onse akamangidwa ndi lamulo limodzi, palibe amene apindula ndi kukana.

Koma mau aciwiri aja, onena za osauka, ndi olemera, ndipo sindifuna kuwapeputsa. Kamsonkho ka magetsi kanacokera kwa onse, ndi olipira lendi omwe, koma thandizo linapita kwa eni nyumba. Ici cikhala colungama pokha-pokha ngati phindu lace libwerera kwa onse, makamaka kwa iwo ogona pansi pa denga lotentha ndi okhala m'makwawa. Mzinda ukakongoletsa madenga a nyumba za malonda ndi za olemera, nuleka madera a osauka opanda mtengo ndi umodzi womwe, pamenepo watenga kwa wosowa ndi kupatsa wokhuta, ngakhale maluwa ace akongole bwanji. Cifukwa cace ndiona zizindikiro zitatu za lamulo lolungama pa nkhani zotere: kuti coipa cimene liletsa cigwera anthu ena osabvomera, kuti katundu wace ndi wotheka kusenza, woikidwa pa nthawi yoyenera, ndi kuti olamulira anayamba aonetsa, naphunzitsa, nathandiza, asanakakamize.

Tisatamenso madengawa koposa muyeso. Mvula yaikuru ikagwa masiku otsatana, dothi locepa likhuta, ndipo madzi otsala atsika monga kale. Mipope ndi ngalande zifunikabe. Kuziziritsa kwa denga la nyumba yosanja kwambiri sikufika kweni-kweni kwa woyenda mu mseu, amene asowa mthunzi wa mtengo. Ku Switzerland komweko mbalame zina zoikira mazira pansi zinayesa kuswa pa madenga obiriwira, koma anapiye ambiri anafa ndi njala ndi ludzu, pakuti denga si dambo. Munthu asanene tsono kuti, "Ndidzaononga dambo ndi nkhalango, popeza ndidzabzala pa denga." Wobweza theka la ngongole acita bwino koposa wosabweza konse, koma asadziyese kuti wamariza.

Ndipo ndikucenjezeni, abale, kuti wina angamve nkhani iyi ndi kukathira dothi pa malata ace. Dothi lonyowa la masentimita 10 lilemera ngati matumba awiri a cimanga pa kadera kali konse ka mita imodzi. Denga la konkire lolinganizidwa ndi mmisiri wodziwa likhoza kusenza zimenezo. Mapaso ndi mitengo ya bulugamu sizingathe, ndipo nyumba idzagwera ana anu. Ndiponso zomera za pa denga ku Ulaya zilandira mvula pafupi-pafupi caka conse, pamene kwathu cirimwe citha miyezi yambiri popanda dontho. Ife a kumudzi, amene nthaka ikali pa khomo pathu, tiri nayo njira yapafupi yakubweza mangawa omwewo: kuchera madzi a pa denga mu mgolo, kukumba dzenje pogwera madzi otsala, kusiya udzu pabwalo m'malo mwa simenti, ndi kubzala mtengo wa mthunzi kumadzulo kwa nyumba. A m'mizinda anakwera pa denga cifukwa pansi panatha.

Tibwerere tsono ku funso lathu. Inde, womanga nyumba ali nao mangawa, ngakhale sanalakwire munthu dala, pakuti mvula ya pa denga lace iri ndi kumene ipita, ndipo kumeneko kuli munthu. Ndipo inde, akuru akhoza kumkakamiza, akayamba amuonetsa njira ndi kumgwira dzanja, ndiponso akayang'anira kuti phindu lifike kwa ocepa mphamvu. Makolo athu pomanga nyumba yozungulira anali kuluka denga pansi, ndipo pakulikweza anaitana amuna a mudzi wonse. Ncifukwa cace anati mutu umodzi susenza denga. A ku Basel anazindikira mbali yina ya mwambiwu, yakuti denga likakwera pamwamba silileka kukhudza mudzi wonse. Dzinja likudzali, mvula yoyamba ikagwa, turukani mufunde thumba kumutu, mutsate madzi ocoka pa denga lanu kufikira kumene alekeza, ndipo muone kuti afika pa khomo la yani.

Ndatha ine wanu,
Mphunzitsi.